Madzi saiwala khwawa: zimene anthu a kugombe akuona pa nyanja yathu

Ambiri a ife amene timakhala kuno ku boma nyanja timaidziwira pa msika. Timafunsa mtengo wa mulu wa usipa, tidandaula kuti mulu wachepa, tigula n'kumapita. Chambo ndiye ena tinasiya n'kufunsa komwe. Koma kuseri kwa mulu uja kuli anthu a ku Msaka, Chembe, Malindi, Makanjira, Namiasi ndi midzi yozungulira nyanja ya Malombe. Ena ndi Anyanja ndi Ayao amene makolo awo akhala pa madzi amenewa kwa mibadwo yambiri, ena ndi Atonga amene anatsika kuchokera kumpoto potsata nsomba. Anthu amenewa akunena kuti nyengo yasintha, ndipo sakunena chifukwa anamva pa wailesi ayi. Akuona okha. M'phunziro lino timve zimene akuona, kenaka tiziike pambali pa zimene akatswiri apeza. Pena ziwirizi zikugwirizana, pena ayi.

Kalendala ya msodzi ndi mphepo

Mlimi amawerenga chaka ndi mvula, msodzi amawerenga ndi mphepo. Mwera umachokera kummwera ndipo nthawi yake ndi ya chisanu, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Mpoto umabwera ndi dzuwa lotentha ndi mvula. Vuma amachokera kum'mawa. Msodzi wakale ankayang'ana mitambo pamwamba pa mapiri, kumva kazizidwe ka m'bandakucha, kuona m'mene nkhungu zafukira pa madzi, n'kudziwa ngati usiku umenewo ndi wolowa pa nyanja kapena wokhala pa doko n'kumasoka ukonde. Nzeru imeneyi sinkalembedwa. Mwana ankaiphunzira atakhala kutsogolo kwa bwato la amalume ake.

Dandaulo limene limamveka kwambiri m'madoko masiku ano ndi lakuti mphepo yasiya kusunga nthawi. Asodzi akuti mwera ukumabwera mwaukali, ukumakhalitsa, ndipo nthawi zina ukumadzidzimutsa m'miyezi imene sankauyembekezera. Ife a pamtunda tingamve ngati nkhani yaing'ono. Koma taganizani za alovi amene alowa usiku ndi chilimira, siginala ali patsogolo ndi nyali zake pa bwato lakelake, gombe lili kutali. Mphepo ikatembenuka ali komweko, si nsomba zokha zimene zimatayika. N'chifukwa chake nthambi yoona za nyengo imachenjeza pa wailesi za mwera. Vuto ndi lakuti chenjezo silidyetsa ana. Munthu amene wakhala sabata yathunthu osalowa pa madzi amafika poti alowe basi, ngakhale mafunde akuoneka ndi maso.

Chodabwitsa n'chakuti mwera womwewo ndi umene umadyetsa nyanja. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 cha kumpoto, ndipo madzi ake ali ngati ogawika: apamwamba ndi ofunda ndi opepuka, apansi ndi ozizira ndi olemera. Kupitirira mamita pafupifupi 200 kutsika pansi kulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Koma pansipo ndi pamene pamagwera zonse zowola, ndiye kuti manyowa a nyanja ali kumeneko. Mwera ukaomba, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo madzi ozizira a chonde amakwera kuno kummwera. Ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono zimachuluka, usipa ndi utaka zimapeza chakudya. Ichi ndicho chifukwa chake mbali yathu ino, kumene nyanja ili yosaya, ndi imene yakhala nkhokwe ya nsomba ya dziko lonse, ndipo n'chifukwa chake Maldeco ndi sukulu ya za usodzi ya ku Mpwepwe zinakhazikitsidwa kuno osati kwina.

Tsono madzi apamwamba akamatentherabe, amapepukirabe, ndipo zimavuta kuti mphepo iwasakanize ndi apansi. Akatswiri apima n'kupeza kuti madzi a nyanja yathu afunda pang'ono pa zaka makumi angapo zapitazi. Pa nyanja ya Tanganyika, imene ndi mbale wake wa yathuyi, kafukufuku wasonyeza kuti kutentha kotereku kwachepetsa chakudya cha nsomba. Mphika womwewo, moto womwewo.

Madzi akakwera, madzi akatsika

Apa ndi pamene tiyenera kuchedwapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri timasokonezeka.

Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, koma siikhala pamodzimodzi. Ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, womwe timauwoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi. Komabe madzi otuluka pa Shire ndi ochepa poyerekeza ndi amene dzuwa limamwa. Gawo lalikulu la madzi amene nyanja imataya pa chaka limapita m'mwamba ngati nthunzi. Choncho kusintha pang'ono kwa mvula kapena kwa kutentha kumaoneka msanga pa gombe.

Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka. Mchenga ndi bango zinatseka njira. Nyanja ya Malombe inauma, anthu n'kumalima m'menemo. Madzi atabwerera, anakwirira minda ija. Mu 1980 nyanja inakwera mpaka kupitirira mamita 477, ndipo akuluakulu a kugombe amene analipo amatha kukulozerani mtengo kapena mwala pamene madzi anafika. Cha mu 1997 inatsikanso. Mu 2016 ndi 2017 inatsika moti magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira anachepa. Ife a m'tauni timakumbukira bwino kuzima kwa magetsi kwa nthawi imeneyo, zigayo zitaima ndi mafiriji atasungunuka.

Pa zaka zimene madzi anali otsika, gombe linakula. Anthu anamanga. Ena anamanga nyumba zogona alendo, ena nyumba zawo, ena anayala matandala oyanikapo usipa pa mchenga umene kale unali pansi pa madzi. Ndiye mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476, n'kulowa m'nyumba, m'malo ogona alendo ndi m'minda kuno ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Chimene chinazunguza anthu mutu n'chakuti chaka chomwecho chimanga chinapserera m'munda. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Munthu yemweyo, munda wapsa ndi dzuwa kumtunda, nyumba yamira kumunsi. Zitheka bwanji?

Yankho lili pa mapu. Madzi ambiri a m'mitsinje olowa m'nyanja yathu sachokera ku Mangochi. Amachokera kumpoto, m'mitsinje monga Songwe, North Rukuru ndi South Rukuru, komanso Ruhuhu wa ku Tanzania, amene ndiye wamkulu pa yonse. El Niño akabwera, kawirikawiri amaumitsa kummwera kwa Africa koma kum'mawa kwa Africa amagwetsa mvula yambiri. Ife tili pa malire a zigawo ziwirizi. Mvula imene sitinaione inagwa ku Tanzania ndi ku Karonga, n'kutipeza pa khonde.

Eni malo ogona alendo ndi anthu ena a kugombe analoza chala ku Liwonde, kumene kuli zitseko za Kamuzu Barrage zomangidwa mu 1965, nati madzi akusungidwa dala. M'dandaulo limeneli muli choonadi china, poti zitsekozo zimachepetsadi madzi otuluka. Koma oyang'anira madzi nawonso ali pakati pa moto ndi madzi otentha: akatsekula kwambiri amiza anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, akataya madzi ambiri lero magetsi adzasowa chilimwe chikubwerachi. Akuluakulu a kugombe iwo sanatsutsane ndi aliyense. Anangokumbutsa kuti madzi saiwala khwawa. Ine ndikuona kuti pa nkhani iyi agogo aja anali ndi malekodi abwino kuposa ambiri a ife ogula mapuloti. Tinayeza malo ndi tepi, koma sitinafunse munthu ndi mmodzi yemwe kuti mu 1980 madzi analekezera pati.

Tisafulumire kunena kuti kukwera kulikonse kwa nyanja ndi kusintha kwa nyengo, poti mbiri ija ikusonyeza kuti nyanja inkakwera ndi kutsika makina asanachuluke pa dziko. Chimene chikusintha ndi kukula kwa mvula yogwa kamodzi, kutentha, ndi kuchuluka kwa anthu amene tsopano akukhala m'khwawa.

Munda ukakana, onse amathamangira ku nyanja

Pafupifupi banja lililonse la kugombe limalimanso. Makolo ankayembekezera chizimalupsa kuti chizimitse phulusa la m'tchire, kenaka mvula yodzalira. Ankayang'ana mlambe ukaphuka masamba, ankamvera achule, ndipo mpaka lero ena amati mango akabereka mopitirira muyeso ndiye kuti kukubwera njala. Alimi akuti zizindikiro zimenezi zayamba kunama. Mvula ikumachedwa, ikabwera ikumagwa ya sabata yathunthu pa tsiku limodzi, kenaka ng'amba mu Januwale kapena Febuluwale chimanga chili pafupi kumasula. Kuyambira cha mu 2017 kwawonjezekanso mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo, yochokera ku America.

Zaka zoopsa zatsatana. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anakhudza Mangochi pamodzi ndi maboma ena 14. Mu 2019 kunabwera namondwe Idai, mu Januwale 2022 Ana amene anagumula damu la Kapichira, ndipo mu Malichi 2023 Freddy, amene anayambira kufupi ndi Australia, n'kukhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. M'Malawi muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma ovutika kwambiri, chifukwa kugombe zimbudzi za pa mchenga zimagwa msanga ndipo madzi akumwa ndi a m'nyanja momwemo.

Nayi mfundo imene ife a m'tauni sitiiona. Munda ukakana, mnyamata wa ku Namwera kapena ku Chilipa alibe kwina kopita koma ku doko kukapempha ganyu yokoka ukonde. Chaka cha chilala chimachulukitsa manja pa nyanja. Ndiye ngakhale dzuwa lisanakhudze nsomba, lakhudza kale chiwerengero cha anthu ozisaka.

Chifukwa chake n'chiyani? Anthu amayankha mosiyana

Mukakhala pa doko n'kumacheza, mumamva mayankho angapo, ndipo munthu mmodzi amatha kukupatsani awiri kapena atatu osaona kuti akutsutsana.

Ena amati ndi chilango cha Mulungu, kapena kuti nthawi yatha. Amatero Akhristu, amateronso Asilamu, ndipo mvula ikachedwa onse amasonkhana kukapempha, awa ku tchalitchi, awo ku mzikiti. Ena, makamaka achikulire, amati mizimu yakwiya chifukwa miyambo ya pa madzi inatayidwa: kale kunali malo osaloledwa kuponyako ukonde, kunali nsembe, kunali zoletsa kwa msodzi asanalowe pa nyanja. Ena amaloza mapiri n'kuti mitengo yatha, ndipo mvula imakoka ndi mitengo. Achinyamata amene anapita ku sukulu amatchula utsi wa m'mafakitale a maiko olemera.

Munthu wophunzira amafuna kuseka mayankho awiri oyamba aja. Ndikupemphani tisafulumire. Tamverani bwino: onse akunena kuti pali ubale umene wasweka, ndipo wauswa ndi munthu. Wonena za mizimu akukumbukira nthawi imene nsomba zinali ndi malo obisalako. Pamene tiyenera kukana ndi pamene mawu akuti chilango akugwera wosalakwa. Mayi wa ku Makanjira amene nyumba yake inagwa sanachimwe kuposa ife amene nyumba zathu za njerwa zowotcha zinaima. Komanso nthawi zina maganizo akuti wina akumanga mvula aphetsa kapena kuthamangitsa nkhalamba zosalakwa m'dziko lathu lino. Chimenechi si nzeru ya makolo ayi, ndi nkhanza.

Zimene akatswiri amanena ndi izi. Kuwotcha malasha, petulo ndi dizilo, komanso kugwetsa nkhalango, kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide umene umasunga kutentha ngati bulangeti. Dziko latentha ndi digiri yoposa imodzi poyerekeza ndi zaka za m'ma 1800, ndipo 2024 chinali chaka chotentha kwambiri chiyambire kupima. Mpweya wofunda umanyamula chinyontho chambiri, pafupifupi 7 pa 100 pa digiri iliyonse, n'chifukwa chake mvula ikagwa imagwa mwaukali. Gulu la akatswiri la World Weather Attribution linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya namondwe Ana. Koma gulu lomwelo litafufuza chilala cha 2024 linati mwini wake wamkulu anali El Niño. Africa yense amatulutsa mpweya wosakwana 4 pa 100 wa dziko lonse. Msodzi wa bwato ndi nkhafi akulipira ngongole imene sanakongole.

Komabe pa za chambo tisanamizire dzuwa. Chambo chinatha makamaka ndi manja athu. Pa nyanja ya Malombe chinagwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono amene anakokolola ana ndi udzu wa pansi pa madzi. Ndi pamene boma linayambitsa makomiti a m'madoko, ma BVC, mu 1993. Ntchila inali itasowa kale. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Masikito operekedwa kuti atiteteze ku malungo akukokedwa m'madzi. Bango, lomwe ndi chikuta cha ana a nsomba, ladulidwa kuti gombe lioneke loyera. Dothi lokokoloka m'mapiri ometedwa limakwirira zisa zimene chambo chachimuna chimakumba pa mchenga. Kusintha kwa nyengo kwapeza wodwala kale.

Anzathu a kutali

Nkhaniyi si yathu yokha. Ku South America, m'maiko a Paraguay, Brazil, Argentina ndi Bolivia, kuli mtundu wa anthu otchedwa Guarani, eni nthaka a kumeneko. Iwo ali ndi mawu akuti tekoha, kutanthauza malo amene munthu angathe kukhalamo monga mwa chikhalidwe chake: nkhalango, mtsinje, munda ndi manda a makolo, zonse pamodzi. Popanda malowo, amati, chikhalidwe palibenso. Ali ndi chimanga choyera chimene amachilemekeza ndipo amachichitira mwambo wa mapemphero chikacha. Nkhalango zawo zambiri zinagwetsedwa kuti pakhale minda ya soya, nzimbe ndi ng'ombe, makamaka m'chigawo cha Mato Grosso do Sul, ndipo ena anasamutsidwa pomanga damu la Itaipu. Mu 2021 mtsinje wa Paraná unatsika kuposa m'mene unatsikirapo pa zaka zoposa 70, ndipo mu Meyi 2024 madzi osefukira kummwera kwa Brazil anamiza midzi ina ya a Guarani.

Atsogoleri awo a mapemphero salekanitsa kusokonekera kwa mvula ndi kulandidwa kwa nthaka. Kwa iwo ndi bala limodzi. Agogo a ku Chembe angamve zimenezi popanda womasulira. Papa Francisco, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anapempha kuti anthu otere asamangofunsidwa pomalizira, koma akhale oyamba kumvedwa pa nkhani zokhudza malo awo.

Kumene mwambo ukugwirabe ntchito

Chitsanzo chapafupi chili ku chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wa kumeneko (osati wa kuno kwathu) umatseka usodzi pa chilumbacho cha mu Disembala mpaka Epulo. Aliyense amachoka. Potsegula pamakhala mwambo. Pa chilumbacho mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Lamulo lina, loletsa amayi kufikako, ambiri a ife tingalifunse mafunso, ndipo n'koyenera kutero. Koma utaka wa ku Mbenji umadziwika ndi kukula kwake, ndipo ofufuza ochokera kunja amapita kukaphunzira kwa mfumu ndi anthu ake. Lamuloli limagwira chifukwa woliika amakhala pomwepo ndipo anthu amaliyesa lawo.

Boma nalonso limatseka nyanja ya Malawi ku makoka ena kuyambira pa 1 Novembala, nthawi imene chambo chikuswana ndipo chachikazi chikusunga mazira ndi ana m'kamwa. Koma nyanja siitsekedwa ndi chikalata. M'miyezi yomweyo timapeza kasawala, ana a chambo osakwana ndi chikhatho chomwe, atayalidwa m'misika ya m'tauni muno, ndipo ogula ndife. Makala ochokera ku Namizimu ndi ku Phirilongwe amatsika pa njinga m'bandakucha kubwera ku mbaula zathu. Ndikudziwa kuti magetsi ndi gasi si aliyense angakwanitse, inenso kwathu mbaula imayaka. Ndikungonena kuti chingwe chimene chikukoka nyanja nsonga yake ina ili m'khitchini mwathu.

M'miphakati sabata ino, amene muli ndi agogo kapena achibale a kugombe afunseni zinthu zitatu: madzi analekezera pati mu 1980, ndi malo ati amene kale sankaloledwa kuponyako ukonde, ndipo ndi nsomba ziti zimene ankadya ali ana zomwe lero sazionanso. Lembani mayankhowo pamodzi ndi dzina la mudzi. Amene mukuganiza zogula puloti m'mbali mwa nyanja kapena mwa Shire, funso loyambalo mulifunse musanapereke ndalama.